Mmene mungamangire dzina lanu pa geni yosoka majekete a chikopa a vinteji mu Lilongwe muno

June akangolowa, kushopu kwanga ku Biwi kumayamba kudzadza anthu onyamula majekete m'majumbo, wina zipi yatha mano, wina nsalu ya mkati yang'ambika kukhwapa, wina akufuna ndimufupikitsire mikono. Tsiku lina m'mamawa kunabwera mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto atanyamula jekete yakuda yooneka bwino ndithu, pakhosi pali lebulo ya dzina lalikulu la kunja, akuti anagula chaka chatha kwa munthu amene anachita kulumbira kuti ndi chikopa chenicheni. Nditangoigwira pamapewa inayamba kusupuka ngati njoka ikufundula, tizidutswa takuda kumangoyoyokera patebulo, pansi pake pakuoneka nsalu yotuwa. Anandifunsa kuti "achimwene, ikhoza kukonzeka?" ndipo ndinamuuza zoona kuti ayi, iyi ndi pulasitiki yomata pansalu, ikayamba chonchi yapita basi. Anakhala chete kanthawi kenako anati ndiye anthu osokanu tikhulupirire ndani.

Funso limenelo ndi lomwe landikhazika pansi kuti ndilembe izi, makamaka kwa inu anzanga atelala amene mukufuna kulowa geni ya majekete a masitayilo akale, aja anyamata amati vinteji. Ambiri mumandifunsa za makina ndi kopeza chikopa, koma chimene chimagwetsa anthu si makina ayi, ndi dzina. Jekete ya chikopa munthu amagula kamodzi pa zaka zambiri ndipo amaponyapo ndalama yoti akanatha kulipira lendi, ndiye asanakupatseni ndalamayo amayamba wafunsa anthu atatu anayi kuti kodi telala uja ndi wotani.

Yambani ndi kudziwa kuti mukulimbana ndi ndani. Woyamba ndi kaunjika, ndipo musadzinamize kuti mudzamugonjetsa pa mtengo. Munthu atha kupita ku msika wa Tsoka tsiku lotsekula belo n'kukapeza jekete ya chikopa chenicheni pa mtengo wochepera ndalama imene inuyo mwagulira chikopa chokha musanasoke. Wachiwiri ndi majekete atsopano a pulasitiki aja adzadza m'mashopu, owala bwino pa chithunzi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Wachitatu ndi telala mnzanu wapafupi amene adzaone zanu n'kuzikopera. Tsono pali zinthu zomwe awiri oyambawo sangachite, ndipo m'menemo ndi momwe muli chakudya chanu. Kaunjika sayeza munthu. Majekete ambiri a m'belo anasokedwa poganizira matupi a kwina, ndiye kuno amafika mapewa otakata, mikono yophimba zala, kapena ndi yokhuthala kwambiri yopangira chisanu cha kwawoko pomwe kuzizira kwathu kuno ndi kwa m'mawa ndi madzulo, masana dzuwa lawala. Komanso wogulitsa kaunjika sungamubwerere pakatha miyezi isanu kuti thumba labooka. Inuyo mulipo, shopu yanu ili pomwepo, nambala yanu ya foni ndi yomweyo.

Kenako phunzirani masitayilowo bwinobwino, osangoona chithunzi pa Pinterest n'kuyamba kudula. Makasitomala a vinteji ndi ochepa koma amawerenga, ena amadziwa mbiri ya jekete kuposa ife osokafe, ndipo mukalakwitsa kolala adzakuuzani. Jekete ija ya anthu a njinga zamoto yokhala ndi zipi yopendekera, lamba m'chiuno ndi kolala ya mabatani odina, dzina lake lotchuka ndi Perfecto, inatuluka mu 1928 ku kampani ya Schott ya ku New York imene abale awiri, Irving ndi Jack Schott, anaiyambitsa mu 1913. Zipi imapendekera dala kuti chikopa chikhale chophatikiza pachifuwa mphepo isalowe munthu akawerama pa njinga, ndipo jeketeyo imakhala yaifupi kuti isakwinyike pamimba ukakhala pa chishalo. Mukamvetsa zifukwa zimenezi simungaitalikitse mpaka kuphimba matako ngati ndinaonera kwina.

Ina ndi A-2, ya oyendetsa ndege za nkhondo a ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1931. Iyi ndi yosavuta kuiona koma yovuta kuilondola, kolala ngati ya shati, matumba awiri a kutsogolo okhala ndi chivindikiro, m'chiuno ndi kumapeto kwa mikono muli choluka chotamuka, kumsana chikopa chimodzi chosalumikiza. Zoyambirira zambiri zinali za chikopa cha hatchi, zina za mbuzi, ndipo boma linkapereka ntchitoyo ku makampani osiyanasiyana monga Rough Wear, Dubow ndi Aero, ndiye ngakhale malangizo anali amodzi aliyense anali ndi kadulidwe kake ka kolala ndi matumba, moti mpaka lero anthu otolera majekete amatha kuyang'ana thumba lokha n'kunena kuti anasoka ndi uje. Ine nkhani imeneyi imandilimbitsa mtima, chifukwa ikusonyeza kuti dzanja la wosoka limaoneka ngakhale onse mukusoka chinthu chimodzi. Palinso G-1 ya asilikali a pamadzi, ya chikopa cha mbuzi ndi kolala ya ubweya, ndi B-3 ya chikopa cha nkhosa ubweya uli mkati, koma B-3 muisiye, mu Lilongwe muno munthu angaivale masiku angati pa chaka.

Langizo langa ndi loti sankhani masitayilo awiri basi. Ine ndinasankha ya njinga yamoto ya kolala yaing'ono yoimirira ndi zipi yowongoka, ija amati cafe racer, ndi ina yotengera A-2. Mukamasoka zomwezo mobwerezabwereza patani yanu imapsa, mumadziwa pomwe chikopa chimakoka, ndipo anthu amayamba kunena kuti ukafuna jekete yakuti pita kwa uje. Wosoka chilichonse, lero jekete mawa chikwama mkuja sofa, sadziwika ndi kalikonse.

Pa chikopa ndiye ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ndinapsa ine. Chikopa chosokera zovala chimagulitsidwa poyeza masikweya fiti, ndipo jekete imodzi ya munthu wamkulu imadya pafupifupi 30 kapena kuposa, kutanthauza kuti ngati ndi cha mbuzi mufunika zikopa zingapo ndipo zonse zifanane mtundu ndi makulidwe, zichokere mu mtolo umodzi. Makulidwe abwino kwa nyengo yathu ndi pafupifupi milimita imodzi kufika 1.2, chikaposa pamenepo makina wamba amalira ndipo wovala amamva ngati wasenza katundu. Musagule chikopa cha mipando kapena cha nsapato poti chatchipa, sichigwa bwino pathupi. Pogula tembenuzani muone kumbuyo, chenicheni chimakhala ndi timaubweya tosalala ta chikopa chomwecho, chabodza chimakhala ndi nsalu yolukidwa. Ngati mukukayikabe pemphani kachidutswa muyatse machesi, chenicheni chimanyeka pang'ono n'kutulutsa fungo ngati akuwaula mang'ina, pulasitiki imasungunuka n'kumata. Funsaninso kuti chinafufutidwa bwanji. Zambiri zimafufutidwa ndi mankhwala a chrome, izi zimakhala zofewa ndipo sizidana kwambiri ndi madzi, mukadula nthawi zina mkati mumaoneka motuwira kupita ku buluu. Zina zimafufutidwa ndi makungwa a mitengo, zimayamba zolimba koma zimakalamba mokongola, zimatenga makwinya a thupi la mwini wake, ndipo izi ndi zomwe okonda vinteji amazifuna.

Zomwe zinandichitikira ndi izi. Chaka china ndinagula zikopa zakuda kwa munthu wina wobwera nazo kuchokera kunja, zofewa bwino, mtengo wabwino, ndinasoka majekete atatu. Imodzi anagula bambo wina wogwira ntchito mu ofesi ku City Centre, anaivala pamwamba pa shati yoyera kukuwaza kamvula, pofika ku ntchito kolala ya shati ndi kumapeto kwa mikono zonse zili bii. Anabwera kushopu atanyamula shatiyo m'manja, sanakalipe, anangoiika patebulo. Ndinamubwezera ndalama yake yonse ndi ya shati, ndipo ndinaimbira foni awiri enawo ndisanamve dandaulo lawo kuti abweretse majekete. Mwezi umenewo kunyumba tinavutika zedi. Koma bambo yemweyo ndi amene pambuyo pake ananditumizira anzake a ku ntchito, akuti anawauza kuti telala uja akalakwitsa sathawa. Kuyambira pamenepo chikopa chilichonse ndisanalipire ndimanyowetsa kansalu koyera n'kupukuta mwamphamvu pakona, kakada ndimachisiya ngakhale wogulitsa achonderere bwanji.

Kasokedwe ndikhudza mwachidule poti ambiri ndinu atelala kale. Chikopa sichikhululuka, singano ikabowola bowo limenelo ndi lamuyaya, simungasule n'kusokanso ngati chitenje. Ndiye yambani mwasoka jekete yonse pa nsalu yotchipa yolimba, kasitomala aiyeze, atambasule manja ngati wagwira chiwongolero, akhale pampando, mukonze zonse pamenepo kenako ndiye mudule chikopa. Osagwiritsa mapini, gwirani ndi tizopanira kapena tepi yomata mbali zonse. Singano ikhale ya chikopa ija ya nsonga yodula, ulusi wa nayiloni kapena poliyesita wolimba, masitichi atalikirane pang'ono chifukwa akathithikana amadula chikopa ngati pepala la lisiti. Msoko sitisita ndi ayironi, timamata guluu pang'ono n'kumenya ndi hamala. Ngati mungakwanitse pezani makina a walking foot, amakoka chikopa pamwamba ndi pansi mofanana. Ndipo chonde zipi. Jekete yabwino yokhala ndi zipi yotchipa imabwerera pasanathe miyezi itatu ndipo kasitomala sanena kuti zipi inali yoipa, amati jekete ya uje ndi yoipa. Gulani ya chitsulo ya YKK yeniyeni, samalani poti zonamizira dzina limeneli nazonso zilipo, ikokeni kangapo musanalipire.

Tsopano nkhani ya lebulo, imene tinakanganapo ndi anzanga ena mpaka kusiya kulankhulana kwa kanthawi. Kasitomala adzabwera n'kunena kuti mundisokere koma pakhosi muikepo Schott kapena Harley-Davidson, ndiwonjezera ndalama. Kanani. Kupatula kuti ndi kuphwanya lamulo la zizindikiro za malonda, taganizani, mwakhala masiku angapo mukusoka, msana ukuwawa, jekete yatuluka bwino, munthu waivala ku ukwati anzake akuisilira akufunsa kuti waitenga kuti, iye akuti ndi ya ku America. Thukuta lanu lapita kukakometsa dzina la kampani yomwe sikudziwani n'komwe. Ndipo ikadzapezeka kuti ndi feki, dzina lomwe lidzatchulidwe ndi lanu.

Wina anandiyankha kuti komatu makampani akuluakulu a vinteji nawonso amakopera. Ndi zoona mbali ina. Eastman ya ku Devon ku England, The Real McCoy's ndi Buzz Rickson's a ku Japan, onsewa amasoka majekete otengera ndendende a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ena mpaka kalembedwe ka lebulo yakale. Aero Leather ya ku Galashiels ku Scotland, yosiyana ndi Aero yakale ndatchula ija, nayo inamanga dzina pa masitayilo a zaka zimenezo. Koma kusiyana kwake ndi koti wogula amadziwa bwino kuti akugula jekete yatsopano yosokedwa ndi Eastman kapena Aero, sanamizidwa, ndipo amalipira ndalama zambiri chifukwa cha dzina la wosoka watsopanoyo. Amapikisana pa kunena poyera kuti chikopa chachokera kuti, ena amatchula Horween ya ku Chicago imene ikufufuta zikopa kuyambira 1905, ena Shinki ya ku Himeji ku Japan. Sitayilo ndi ya tonse, aliyense atha kusoka zipi yopendekera, koma dzina la mwini ndi la mwini.

Ndiye pezani dzina lanu. Likhale lalifupi loti munthu atha kulitchula pafoni minibasi ikuchita phokoso, ndipo musachite manyazi ndi dzina la Chichewa kapena la kwanu, palibe chifukwa chodzitchula London kapena Milano muli ku Kawale. Schott ija ndi dzina chabe la banja lomwe linayambitsa kampaniyo. Musanasindikize malebulo ambiri fufuzani pa Facebook ngati palibe wina akuligwiritsa kale ntchito, ndipo geni ikayamba kuyenda kalembetseni ku ofesi ya boma yoona za mayina a bizinesi ndi zizindikiro za malonda, kuja tinazolowera kuti kwa Registrar General, poti lamulo la zizindikiro za malonda la 2018 lilipo ndipo limateteza amene analembetsa. Pa lebulo lembani zoona zokhazokha, dzina lanu, kuti yasokedwa ku Lilongwe, ndi mtundu wa chikopa, ngati ndi cha ng'ombe nenani cha ng'ombe, ngati ndi cha mbuzi musachite nacho manyazi, G-1 ija ndi ya mbuzi ndipo chikopa cha mbuzi ndi cholimba modabwitsa pa kupepuka kwake. Ine mkati mwa thumba ndimasokeramo kansalu kena kolembapo nambala ya jekete ndi mwezi womwe ndamaliza, ndipo ndili ndi kope momwe nambala iliyonse ili ndi miyezo ya mwini wake, komwe ndinagula chikopa ndi mtundu wa zipi. Munthu akabwera pakatha zaka zitatu ndimangotsegula kope, ndipo nkhope yake imasintha akaona kuti ndinamusunga.

Pa WhatsApp ndi Facebook ikani zithunzi za ntchito yanu yokha. Ndimaona anzanga akuika pa status chithunzi chotenga pa intaneti cha mzungu ali pa njinga n'kulemba kuti oda yanu, kasitomala akabwera kudzatenga akupeza zosiyana, mkangano wayamba. Jambulani panja m'mawa dzuwa lisanakwere, onetsani pafupi msoko, zipi, mkati. Chithunzi chimene chimandibweretsera anthu kwambiri si cha jekete yatsopano ayi, ndi cha jekete yomwe yavalidwa zaka ziwiri, makwinya atakhazikika m'zigongono, m'mphepete mwa matumba mutayamba kutuwa bwino. Pemphani chilolezo kwa mwini wake musanaike, ena safuna nkhope yawo ioneke, jambulani jekete yokha.

Za masiku ndi dipoziti, apa atelala tili ndi mbiri yoipa kale ndipo tonse tikudziwa, "bwerani mawa" uja. Wa majekete a chikopa sangakhale nayo mbiri imeneyo chifukwa ndalama yomwe wagwira ndi yambiri. Ngati ntchito ndi ya masabata awiri nenani atatu, muwerengeremo masiku omwe magetsi adzathima ndi omwe zipi idzasowa m'tauni. Dipoziti ikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, tsiku lomwelo kaguleni chikopa cha munthuyo mumutumizire chithunzi, osayamba mwalipira fizi ya mwana kuti ndibweza, njira imeneyo yatsekesa mashopu a anthu aluso kuposa ine. Ndipo musalandire maoda oposa manja anu. Kuli kampani ina yaing'ono ku Portland ku America, Langlitz Leathers, inayamba mu 1947, imadziwika ndi kusoka majekete pafupifupi asanu ndi imodzi okha patsiku ndipo anthu amadikira pamzere osadandaula. Munthu amapirira kudikira ngati mwamuuza tsiku loona.

Mtengo musautsitse poopa mnzanu. Werengani chikopa, nsalu ya mkati, zipi, ulusi, guluu, lendi, masiku anu, ndi kachigawo kosungira kukonza zolakwika, ndiye mtengo ndi umenewo. Wina akati kwa uje n'zotchipa, muonetseni kumbuyo kwa chikopa chanu, mugwiritseni zipi, musiyeni asankhe. Osanyoza telala mnzanu pamaso pa kasitomala, Lilongwe ndi yaing'ono, mawu amayenda, ndipo wonyoza anzake anthu amamukayikira iye yemwe. Akakukoperani sitayilo zimawawa, ine zinandipweteka nditaona kadulidwe kanga ka thumba pa jekete ya wina ku Area 25, koma ndinazindikira kuti anatenga maonekedwe okha, patani yomwe ndakhala ndikuikonza pa matupi a anthu ambirimbiri ili mu kabati yanga. Ndipotu ena mwa omwe mukuwaona ngati adani ndi omwe mungasonkhe nawo ndalama kuitanitsa zikopa zabwino zambiri pakamodzi, nthawi ino yomwe ndalama zakunja zikuvuta munthu mmodzi sangathe. Ine ndili ndi anzanga awiri omwe timagulira limodzi zikopa ndi mazipi, aliyense amakasoka zake ndi lebulo yake.

Popereka jekete musangoti zikomo pitani bwino. Khalani naye mphindi zisanu mumuuze kasamalidwe, chifukwa akaiwononga yekha mlandu udzagwera inu. Nthawi ya dzinja, kuyambira December mpaka March, majekete ambiri amachita nkhungu chifukwa anthu amawatsekera mu jumbo ya pulasitiki m'sutikesi, ndiye muuzeni aikoloweke pa hang'ala yotakata pamalo podutsa mphepo, ikanyowa iume yokha pamthunzi osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, asaichape ndi sopo wa ufa, asaipake polishi wa nsapato. Ine ndimawauza kuti chaka choyamba chilichonse chokhudza msoko kapena zipi ndikonza ulere, ndipo May aliyense chisanu chisanafike ndimatumiza uthenga kwa onse a mu kope muja kuti bweretsani ndiipukute ndi kuipaka mafuta a chikopa. Amabwera ochepa, koma obwerawo kawirikawiri sabwera okha.

Mnyamata wa kabaza uja sanathe kugula jekete yatsopano, ndalama inali isanakwane. Ndinamuuza kuti apite ku Tsoka akasankhe ya kaunjika, ndinamuonetsa kutembenuza chikopa ndi kupukuta ndi kansalu konyowa, ndipo anabwera nayo yofiirira ya chikopa cha ng'ombe, yaikulu mapewa, zipi yakufa. Ndinaichepetsa, ndinaika zipi yatsopano, lebulo ya eni ake ndinaisiya pomwe inali poti sindinaisoke ndine, ndinangolemba miyezo yake mu kope. Pano akusunga pang'onopang'ono, akuti chaka chamawa akufuna cafe racer yakuda ya nsalu yofiira mkati.